Siyani kujambula agogo osochera n'kumati agwa pa lichero

Ana inu a mu Mzuzu muno, inu amene foni sichoka m'manja, tcherani khutu. Ndakhala chete nthawi yaitali, koma zimene ndaona sabata yathayi zandikwana.

Lachiwiri m'mamawa kusanayere bwino, ndili pa ulendo wa kuchigayo, ndinapeza chikhamu cha anthu pafupi ndi mpopi wina kuno ku Chibavi. Pakati pawo panali agogo aakazi atakhala pamatope, chitenje chimodzi chokha m'thupi, kuphazi kulibe kanthu, ndi kuzizira kwa mu June kumene nonse mukukudziwa. Milomo ikunjenjemera, ankangobwereza mawu omwewomwewo m'Chitumbuka, akuti aperekezedwe kumunda, mbuzi zitha chinangwa. Munda uti mu Chibavi? Ndinawerenga mafoni 7 atawaloza kumaso. Amene anavula juzi kuti awafunditse, palibe. Mnyamata wina wa kabaza ndiye anafuula kuti, "Mafuta athera m'malere, agwa pa lichero awa!" Anthu n'kugwa nako kuseka. Wina n'kuwafunsa kuti, "Mumatamba eti?" Agogo n'kugwedeza mutu kuvomera. Chikhamu chonse, "Avomera! Avomera!"

Avomera chiyani? Mukanawafunsa ngati ali mfumu ya ku Nkhata Bay, akanavomeranso.

Anatipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa mandasi amene anawazindikira. Agogowo amakhala ku Mchengautuwa kwa mwana wawo wamkazi, amene anakawatenga kumudzi chaka chatha amuna awo atamwalira. Mdzukulu wawo anafika akulira, atawafunafuna kuyambira tambala woyamba. Koma pofika masana kanema uja anali atalowa kale m'gulu la WhatsApp la kumpingo kwathu. Kumpingo, ndikutero. Anamutumiza ndi munthu woimba kwaya, amene ndinamuona ali khanda.

Matenda amenewa alipo ndipo ali ndi dzina, achipatala amati dementia. Ubongo ukayamba kuwonongeka, zadzulo ndi zalero zimayamba kufufutika, zakalekale n'kutsala zowala. N'chifukwa chake agogo amaiwala kuti adya nsima, koma munda umene ankalima ali mtsikana akuukumbuka mzere ndi mzere. Usiku tulo timawathawa, amadzuka, amatsegula chitseko, amayenda kufuna kwawo, ndipo ena amavula zovala osadziwa kuti avula. Maso ofiira amene mumati ndi chizindikiro cha ufiti aja, kawirikawiri ndi utsi wa nkhuni wa zaka zambirimbiri akuphikira makolo anu omwewo.

Si nkhani za kunja zokha ayi. Ku Rumphi konkuno, pamodzi ndi ku Mchinji ndi ku Balaka, ofufuza akhala akutsatira mabanja omwewo kuyambira 1998, ndipo kuyambira 2012 anayamba kuyang'anitsitsa anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo: mphamvu za m'manja, kuthamanga kwa magazi, nkhawa, ndi mmene mutu ukugwirira zinthu. Ku Chilumba m'boma la Karonga nako kuli ofufuza za umoyo a MEIRU, amene anapeza kuti ambiri odwala BP ndi shuga sadziwa n'komwe kuti akudwala. BP yosasamalidwa ndiyo imabweretsa sitiroko, ndipo imawononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete. Tsono agogo anu munawayezetsa liti? Ndalama ya bandulo simusowa, koma ya kabaza wopita nawo ku chipatala cha Mapale kapena cha Central ndiye imavuta. Mzinda uno tili ndi mwayi, a St John of God amene amathandiza za matenda a m'maganizo ali pakhomo pompano, anthu amachoka kutali kuwatsata, inu muli kwa asing'anga kukafunsa amene akukulodzani kuti musapeze ntchito.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tilimo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo a zaka 60 kupita m'tsogolo ndife pafupifupi 5 pa 100 alionse. Ndife ochepa, n'chifukwa chake mumationa ngati zachilendo. Koma chiwerengero chikukwera. Bungwe la WHO likuti pofika 2030 munthu mmodzi mwa 6 alionse padziko lapansi adzakhala wa zaka 60 kapena kuposa. Mankhwala a ma ARV atalikitsa moyo wa anthu amene kale tikanawaika m'manda ali ndi zaka 35. Ndiye agogo osochera muwaona ambiri, osati chifukwa ufiti wachuluka, koma chifukwa anthu ayamba kufika pa msinkhu umene matendawa amagwira.

Musaganize kuti kuseka kumathera pa kuseka. Ku Neno mu January 2016 mphenzi inapha mtsikana, anthu n'kuloza chala nkhalamba zinayi, n'kuzipha. Zinayamba ndi pakamwa ngati pa Chibavi paja. Ndipo dziwani kuti lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito: wolakwa ndi amene akutchula mnzake kuti mfiti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire, limene a MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za achikulire, analimenyera nkhondo zaka zambiri. Kanema amene mukugawana uja ndi umboni, nkhope zanu ndi mawu anu zili momwemo.

Inunso eni odwala sindikusiyani. Ena mumawatsekera m'kachipinda ka kuseri ndi loko, mbale ya nsima n'kumalowetsa ngati ya galu. Ena ndalama ya Mtukula Pakhomo ikangofika mumaiona ndinu, agogo osagulidwa ngakhale bulangete. Mukuchita manyazi ndi matenda? Uzani anansi, uzani mfumu ya m'dera lanu kuti mayi athu mutu wayamba kuwasokonekera, mukawaona panjira tiimbireni. Sokererani kapepala ka nambala ya foni pa chovala chawo. Pachitseko mangani kabelu kapena chitini cha timiyala kuti chikatseguka usiku mumve. Akamakakamira za kumunda musalimbane nawo, apatseni nyemba asankhe, mtima umakhala pansi. Akulu ndi m'dambo mozimira moto, inde, koma dambo nalo limauma, limafuna wolisamala.

Loweruka ndinapita ku Mchengautuwa kukawaona. Ndinawapeza pakhonde akuwothera dzuwa, mapazi atapakidwa mankhwala pamene miyala inawacheka. Za Lachiwiri sakukumbuka kalikonse. Mdzukulu uja ndiye sanapite kusukulu masiku atatu, anzake akumutcha mdzukulu wa mfiti. Agogo atandiona anandigwira dzanja, n'kunditchula dzina la mlongo wawo amene mwana wawo akuti anamwalira kalekale, n'kundifunsa ngati ndatsekera mbuzi.

Ndinati ndatsekera.