Kuchoka ku Chipata ndi ndalama zochepa: Malawi, Mozambique ndi kwathu konkuno

Munthu wa ku Chipata akafuna kukaona likulu la dziko, lapafupi si Lusaka. Ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, tsiku lonse uli pampando kudutsa Katete, Petauke, Nyimba mpaka zikweza za ku Luangwa. Ku Lilongwe sikukwana makilomita 150, ndipo ukanyamuka m'mawa, nsima ya masana umakadyera komweko. Ukakhotera kum'mwera pa Katete, msewu wa ku Chanida umakutula ku Mozambique. Tili pamphambano ya mayiko atatu omwe anthu ake timamvana chilankhulo, koma ambiri timaonabe ngati kuyenda n'kwa azungu amene amadutsa kuno popita kukaona nyama ku Mfuwe. Zimandipweteka kukumana ndi mnyamata wobadwira ku Kapata m'Chipata muno, wazaka 25, amene sanaionepo nyanja ya Malawi, chifukwa wina anamuuza kuti pamafunika ndalama zambiri.

Sipafunika zambiri. Chofunika n'kudziwa pomwe mtengo umagwedezeka ndi pomwe sugwedezeka, ndipo zimenezi zimasintha ukangowoloka boda.

Kwathu kuno basi yaikulu ili ndi mtengo umodzi. Ukapita pakawindo, ulipira, akulembera tikiti, basi. Kunenerera pamenepo n'kutaya malovu. Pomwe pamagwedezeka ndi pa katundu: thumba la mtedza, bokosi la nkhuku, njinga. Mtengo wa zimenezi umachokera m'mutu mwa wokweza katunduyo, ndiye mukambirane lisanalowe pansi pa basi, chifukwa likalowa mphamvu zako zatha. Tikiti ugule dzulo lake, ndi dzanja lako. Anyamata amene amakulandira chikwama pageti la sitesheni amakutengera ku basi imene iwo adyapo, osati imene inyamuke msanga. Mabasi athu anazolowera kunyamuka m'bandakucha kuchokera pomwe boma, mu 2016, linaletsa kuyenda pakati pa 9 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa, ndipo kwa woyenda motchipa izi n'zabwino: umafika ku Lusaka kukadali kowala, n'kukwera minibasi m'malo mwa takisi.

Ku Malawi nkhani ndi ina. Ulendo wotchipa wa ku Lilongwe ndi woduladula: takisi yokwera anthu ambiri kuchoka m'tauni kukafika pa boda ya Mwami, kudinditsa pasipoti, takisi ina kukafika pa boma la Mchinji, kenaka minibasi. Kuyambira mu December 2022, pomwe a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegulira boda yatsopano, maofesi a mayiko awiriwa amagwira ntchito pamodzi, ndiye sukuimanso pamizere iwiri kutali ndi kutali monga kale. Funso loyamba kwa dalaivala wa takisi likhale lakuti, "Achimwene, ndi ya tonse kapena hayala?" Ukangolowa osafunsa, iye n'kunyamuka uli wekha, walipira mipando yonse.

Mtengo wa minibasi ya ku Malawi umatsata mafuta, nthawi ndi nkhope ya wokwera. Mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitika zaka zapitazi, umakwera tsiku lomwelo. M'mawa anthu ali ambiri ndi wina, masana galimoto ikusowa anthu ndi wina. Woitanira sangakuuze zoona, ntchito yake si imeneyo. Funsa mayi amene wakhala kale m'katimo ndi dengu lake, motsitsa mawu: "Amayi, mpaka m'tauni tikulipira zingati?" Ndalama upereke galimoto itayamba kuyenda. Uyang'anenso bwino anthu amene akuoneka ngati adzaza mipando. Ena alibe ndi kachikwama komwe, amangokhala kuti minibasi ioneke ngati yatsala pang'ono kunyamuka, ndipo okwera enieni akamabwera iwo amatsika mmodzimmodzi.

Ku Mozambique, chapa, yomwe ndi minibasi ya kumeneko, ili ndi mtengo wodziwika, ndipo kondakitala sachedwa nawe pokambirana. Vuto la kumeneko ndi mtunda ndi kuchepa kwa magalimoto. Kuchoka pa Cassacatiza, tsidya la Chanida, kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 250, midzi ili patalipatali. Ukawoloka madzulo ugona pa boda, ndipo ndalama imene unkafuna kupulumutsa ithera pamenepo. Woloka m'mawa. Pasipoti ikhale m'thumba la malaya, osati pansi pa chikwama, chifukwa apolisi a pamsewu amaifunsa kawirikawiri. M'maboma a Chifunde, Macanga ndi Angónia ulankhula Chichewa chako bwinobwino, koma mumzinda wa Tete muli Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Ukadziwa kuwerenga manambala m'Chipwitikizi ndi kufunsa kuti "quanto custa?", wogulitsa amasiya kukuona ngati munthu wongotsika kumene.

Tsopano pomwe anthu ambiri amaluzira ndalama zenizeni: posintha. Munthu amalimbana ndi mayi wogulitsa nthochi kuti amuchotsereko pang'ono, pomwe ola limodzi lapitalo wataya zogulira mkoko wonse wa nthochi pa boda osadziwa. Makwacha athu awiriwa amasokoneza mutu. Ife tinachotsa maziro atatu mu January 2013, anzathu a ku Malawi sanachotse, ndipo kwacha yawo inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, dola imodzi n'kufika pa makwacha pafupifupi 1,700 kubanki. Ndalama yawo yaikulu ya K5,000 ndi yochepa mphamvu, ndiye ukasintha mapepala athu ochepa amakupatsa mtolo wosakwana m'thumba la buluku. Mtolowo umakunamiza kuti walemera, ndipo umaiwala kuwerenga.

Taonani mmene zimachitikira pa Mwami. Ukangotsika takisi, anyamata akuzungulira, aliyense ndi mtolo womangidwa ndi labala ndi foni m'manja. Mmodzi akuonetsa nambala pa foni, mwagwirizana. Akuwerenga mofulumira, chala chonyowa, mapepala ali opinda pakati. Mnzake akukufunsa za takisi, wina wagwira kale chikwama chako. Ukapereka zako usanawerenge zawo, akabalalika, ndipo ukawerengera m'galimoto upeza mapepala ena asowa, kapena pakati alowetsapo ang'onoang'ono. Lamulo la mayiko onse awiri limafuna kuti usinthire kubanki kapena kumalo ovomerezeka, ndipo kusinthira pamsewu kungakugwetse m'mavuto ndi apolisi. Amene asankha kutero ngakhale zili choncho awerengetsere pa foni yawo, awerenge ndalamazo okha pepala limodzilimodzi, zawo zili m'thumba, ndipo asinthe zongokwanira masiku awiri. Makwacha a ku Malawi ukabwerera nawo kuno amakugula motsika kwambiri, chifukwa palibe akuwafuna.

Metikali ya ku Mozambique yakhala yosagwedezeka kwenikweni kwa zaka zingapo, ndiye kumeneko masamu ndi osavuta, kungoti zinthu si zotchipa monga ku Malawi. Kulikonse kumene ukhale masiku angapo, gula simu ya komweko n'kuikamo ndalama: Airtel Money kapena Mpamba ku Malawi, M-Pesa kapena e-Mola ku Mozambique. Simu ya kwathu ukaisiya ikugwira intaneti tsidya lina, mayunitsi amatha usanafike pa Namitete.

Pamsika ndipo pamaoneka mtima wa dziko. Ife a kuno sitikonda kutsitsa mtengo wa mulu. Mayi wa pa Kapata akati mulu wa tomato ndi K10, ndi K10, koma ukagula milu itatu n'kunena kuti, "Amayi, nanga mbasela?" akuponyera awiri kapena atatu pamwamba. Ku Mozambique chizolowezi n'chomwecho, amakuwonjezera m'malo mokuchotsera, ndipo m'masitolo a nsalu za capulana mtengo umatsika pokhapokha ukatenga zingapo. Ku Malawi kunenerera ndi mbali ya malonda, makamaka pa kaunjika, nsapato, mafoni ndi ziboliboli. Mnyamata wa pa msika wa Tsoka ku Lilongwe amatchula mtengo woyamba akudziwa kuti sudzalipira umenewo. Iwe usanyoze katundu wake. Gwira jekete, uliyang'ane m'khosi ndi m'zipi, unene kuti, "Ndi labwino achimwene, koma thumba langa silikufika. Omaliza ndi zingati?" Akatchula, iwe tchula zako, ndipo ukaona kuti mwatalikirana, thokoza n'kuyamba kuchoka. Akakuitana, ndiye kuti malo otsikira analipo. Akakusiya upite, mtengo wake unali woona. Mawu athu a ku Chipata amatiulula msanga kuti ndife a tsidya lino, ndipo ena amakwezako poganiza kuti tabwera ndi kwacha yamphamvu, choncho ndi bwino kuima kaye pambali n'kumva zimene mwini dera walipira.

Koma pali pomwe sindifuna kuona munthu wa kwathu akunenerera. Mayi wa pa Kamwendo wogulitsa chinangwa chophika, mtsikana wa zitumbuwa, bambo wa kabaza amene wakukweza chitunda ndi thumba lako kumbuyo: phindu lawo ndi laling'ono kale, ndipo kutchipa kumene ifeyo tikukondwera nako ndi kugwa kwa ndalama yawo, komwe kwawakwezera mtengo wa sopo, feteleza ndi shuga. Kuwapanikiza anthu amenewa si nzeru za paulendo. Limbana ndi wa takisi ya hayala, limbana ndi wa ziboliboli ku Senga Bay amene anazolowera madola. Wa chinangwa umupatse zimene wanena.

Pa chakudya mayiko atatuwa sasiyana kwambiri. Nsima ya m'msika ndi yotchipa kulikonse, ndipo posankha malo uyang'ane pomwe pakudya madalaivala ndi amayi a malonda, chifukwa pamenepo ndiwo sizigona. Ku Malawi chiwaya cha tchipisi chili pangodya iliyonse, ndipo kunyanja usipa ndi utaka zimatchipa m'mawa pomwe mabwato akufika. Chambo ndi chodula ngakhale kwawo komweko. Ku Mozambique chopulumutsa ndi buledi wawo uja, pão, amene ndi tiyi amakusunga mpaka madzulo.

Pogona ndipo Tete amapweteka. Migodi ya malasha ya ku Moatize inabweretsa anthu a makampani, mitengo ya zipinda n'kukwera, ndipo kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi, makamaka mu October ndi November, sikulola kuti ugone m'kachipinda kopanda fani. Ku Malawi nyumba zogona alendo zotsika mtengo zili pa boma lililonse. Uone kaye chipinda, loko wa chitseko ndi neti ya udzudzu usanalipire, ndipo ukakhala masiku angapo pempha akuchotsereko, amavomera. Komabe chuma chathu chachikulu ife a kum'mawa ndi abale. N'kovuta kupeza banja la kuno lopanda azakhali ku Mchinji, amalume ku Kasungu kapena agogo ena ku Angónia. Kufikira kwa abale si kugona ulele. Umapita ndi shuga, mafuta ophikira ndi chitenje cha amayi a pakhomopo, umathandiza ntchito, ndipo suchedwa mpaka ufa wawo uthe. Mlendo ndi mame.

Nthawi yoyendera nayo ndi ndalama. Loweruka lomaliza la February, pa mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni, zipinda za m'Chipata zimadzaza ndipo mitengo imakwera. Kumapeto kwa August, pa Kulamba ku Mkaika, Achewa a mayiko onse atatu amabwera kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo kwa munthu wofuna kudziwana ndi anthu a tsidya lina palibe malo oposa amenewo. Pamenepo umapeza wokuuza mtengo weniweni wa chapa ya ku Tete, mwinanso wokulandira ukadzafika.

Zoona n'zakuti chinthu chimodzi chimene tili nacho motchipa kuposa anzathu timachinyalanyaza. Ku South Luangwa, makilomita pafupifupi 130 kuchoka pano pa msewu wa tala, mzika ya Zambia imalipira pageti ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, bola ionetse chitupa cha NRC. Chodula ndi galimoto yoyendera m'nkhalangomo ndi malo ogona a m'mphepete mwa mtsinje. Mukasonkherana anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposerapo, n'kugona m'nyumba za alendo za m'mudzi wa Mfuwe, mtolowo umapepuka. Tsidya lina ndiwe mlendo, ndiye malo otetezedwa ngati a ku Cape Maclear ulipira ngati mlendo, koma nyanja yokha kuiona ndi kusambamo pagombe la asodzi ku Salima sikufuna tikiti. Wofuna kupitirira angakwere sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951. Malo ake otchipa ndi a pansi, pamodzi ndi matumba a usipa ndi chimanga, ndipo nthawi yake yofikira padoko siidalirika, choncho usaikwere ngati uli ndi tsiku lobwerera kuntchito.

Pobwerera, ambiri timafuna kuti ulendo udzilipire wokha ndi katundu pang'ono. Pa Mwami pali dongosolo la amalonda ang'onoang'ono la COMESA, bungwe la malonda la mayiko a chigawo chino, lokhudza katundu wosaposa madola 2,000 amene ali pamndandanda womwe mayiko awiriwa anagwirizana, ndipo pali desiki lothandiza kulemba mapepala ake. Funsa pamenepo usanagule, chifukwa si katundu aliyense ali pamndandandawo, ndipo mbewu monga chimanga ndi soya zimakhala ndi ziletso zake zimene zimasinthasintha. Anyamata a njinga zamoto akuuza kuti akudutsitsa njira ya kutchire motchipa. Ukagwidwa kumeneko katundu amapita yense, ndipo ngati unalowa ndi chidindo n'kutuluka wopanda chidindo, mabuku awo amaonetsa kuti ukadali m'dziko lawo. Masiku amene akulembera polowa uwawerenge pomwepo pakawindo, chifukwa ukapyola ngakhale pang'ono, chindapusa chake chimaposa zonse zimene unanenerera pa Tsoka.