Thonje la ku Balaka ndi la ku Katete

Mlimi wa ku Balaka ndi mnzake wa ku Katete, ku Zambia, amayankhula chinenero chimodzi, mbozi imene imaboola thonje lawo ndi imodzinso, koma maboma awo anatenga njira zosiyana pothana nayo.

Kuno ku Malawi tinavomereza mbewu ya thonje ya Bt, yosinthidwa chibadwa ndi asayansi (GMO), imene imadziteteza yokha ku mbozi, ndipo inafika m'minda cha m'ma 2019. Amene anasenzapo sipuleya kumsana dzuwa la ku Chikwawa likuswa mtengo amadziwa phindu lake: kupopera kumachepa, chifuwa chimapumako. Koma mbewuyi ndi ya haibridi, yokwera mtengo, ndipo chaka chilichonse umagula ina. Mvula ikadula mu Febuluwale, ngongole ija siuma limodzi ndi thonje.

A ku Zambia nkhani za GMO sazikhulupirira kuyambira kale. Mukumbukire kuti mu 2002, njala ili pakhomo, pulezidenti wawo wa nthawiyo, a Levy Mwanawasa, anakana chimanga cha GMO chachithandizo. Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke amapoperabe, mbewu ndi mankhwala n'kumatenga pangongole ku kampani imene idzamugule, mchitidwe umene unakhazikika boma litagulitsa kampani yake ya thonje ya Lintco mu 1994. Chimene wapindula n'chakuti thonje lake likhoza kulandira chizindikiro cha Cotton made in Africa, cha bungwe la ku Hamburg ku Germany, chimene sichilola mbewu ya GMO. Masitolo a ku Ulaya amachinyadira chizindikirochi pogulitsa zovala zoti n'zosamala chilengedwe. Ine ndimangofunsa kuti, pa sikelo paja, chimamuonjezera makwacha angati pa kilo?

Ku Mozambique ndiye kwina. Boma limapatsa kampani dera lonse, monga cha ku Cuamba, kuti izikongoza ndi kugula yokha. Mavenda olanda thonje la ngongole amachepa, koma mlimi alibe poti n'kuthawira mtengo ukamuwawa.

Pamene timafanana m'povala. Thonje lathu lambiri limachoka lili m'mabelo, losawomba. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe, ku Zambia, inatseka mu 2007. Yathu ya David Whitehead ku Blantyre inagulitsidwa kwa Mapeto mu 2003, ndipo payokha singathe thonje la dziko lonse. Ndiye mlimi akalandira ndalama zake amalunjika pamsika, kukasankha malaya pamulu. Ife timati kaunjika, anzathuwo amati salaula. Rwanda inayesa kukweza msonkho wa zovala zoterezi mu 2016, America n'kuichotsera mwayi wogulitsa zovala kumeneko popanda msonkho mu 2018. Ku Lilongwe ndi ku Lusaka mabelo akutsegulidwabe m'mawa uliwonse.