Anyamata a ti Golf taphokoso inu, mutimaliza pa M1 pano

Ndakhala ndikungoyang'ana nthawi yaitali koma zomwe ndaona pa Lizulu sabata yathayi zandikwana, ndiye lero mundimva, wofuna kukwiya akwiye.

Linali tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti mbali zonse za msewu monga mukudziwira pa Lizulu, uku Malawi uku Mozambique, anyamata akukweza matumba a kachewere mu lole, ana akuwoloka. Ine ndinaima ndikugula kabichi. Tinangomva phokoso kuchokera mbali ya ku Dedza ngati kukulira mfuti, mpaka agogo ena anataya beseni la tomato nkuyamba kuthawa. Ka Golf GTI kofiira, magalasi akuda bii, kotsitsidwa mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza phula. Kufika pa hampu mnyamatayo waponda buleki mochedwa, galimoto yamenya pansi, sampu phwaa, oyilo yense mumsewu. Wa kabaza amene amabwera pambuyo atanyamula mayi wobereka mwana anaterereka pa oyiloyo nkugwa onse atatu. Mulungu yekha ndi amene anatchinjiriza mwana uja. Mayiwo bondo ndi chigongono zinasupuka, magazi chuchuchu, ndinawanyamula ndine pa pikapu yanga kupita nawo kuchipatala.

Koma chomwe chandilembetsa ndi ichi. Mnyamata uja atatuluka sanathamangire mayi ali gone pansi ayi. Anagwada nkumasuzumira kunsi kwa galimoto yake, kudandaula bampala. Bampala! Kodi ana inu munaleredwa ndi ndani? Ine nditayang'ana matayala ake akutsogolo, waya ali poyera, ndipo manambala anayi aja olembedwa m'mbali mwa tayala, osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, amaonetsa kuti lapitirira zaka 10. Marimu okha ndiye onyezimira ngati mbale zapaukwati.

Ine ndagwira chiwongolero ndi sipanala kuyambira ambiri a inu musanabadwe, ndiye musandiuze kuti madala sadziwa galimoto. Golf 5 GTI imeneyi inatuluka mu 2004. Werengani zaka nokha. Mwini wake woyamba ku Joni anaikama, wachiwiri anaikamanso, wachitatu atamva kuti giyabokosi yayamba kugunda ndi pamene anaiika pa Facebook, inu nkuthamangira ndi ndalama zonse zomwe mwavutikira zaka zitatu mukugona asanu chipinda chimodzi. Kugula galimoto usiku, osatenga makaniko, osaikweza pa jeke, osafunsa buku la sevisi, bulubuku ili m'dzina la munthu amene simunamuonepo, inu mwangomva kulira kwa ekizozi basi mtima wagwa. Mileji ikuti 120,000 pomwe chiwongolero chasalala ndi manja ndipo mpando wadiraiva wabooka, inu osadabwa? Ndi nzeru zimenezo?

Nanga mwagula, mukuisamala bwanji? Lamba wa taimingi simudziwa kuti anasinthidwa liti, mukudikira aduke pa Chimbiya mavavu apindike ndiye muziti akulodzani kumudzi. Injini ya 2.0 ya turbo imeneyi ili ndi kachitsulo kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo pansi pa pampu ya petulo, amati cam follower, kamadyeka, kakabooka kamawononga camshaft, chitsulo chotsegula mavavu chija, ndi pampu yomwe, koma ndi angati mwa inu anatsegulapo kuti akaone? Giyabokosi yake yosintha yokha magiya, ija amati DSG, imafuna oyilo wake ndi fyuluta pa makilomita 60,000 aliwonse, inu mwaiyendetsa zaka ziwiri osadziwa nkomwe kuti muli oyilo. Mu injini mukuthira 20W-50 wa m'botolo la Sobo wogula pambali pa msewu, eti oyilo ndi oyilo. Mu radiyeta madzi apamjigo. Thermostat, ija imathandiza injini kutentha pa mlingo wake, munachotsa chifukwa mnzanu wina pansi pa mtengo anati kuno nkotentha siifunika, kuno ku Dedza ndi Ntcheu kumene m'mawa wa June zala zimauma ndi chisanu! Petulo wa m'zigubu amene simudziwa kuti asakaniza ndi chani. Getsi la injini likayaka pa dashibodi mwamata kathepi kakuda kuti chibwenzi chisaone. Kodi mukunamiza ndani?

Ndalama ya buleki padi mulibe. Ya brake fluid, amene amafunika kusintha zaka ziwiri zilizonse, mulibe. Ya mashokapu mulibe, galimoto ikudumpha ngati chule. Koma ya masipika odzadza buti yonse ilipo, ya tinti ilipo, ya magetsi oyera aja otithobwa m'maso usiku ilipo, yomupatsa mnyamata wa laputopu ku Lilongwe kuti awonjezere mphamvu ndi kuphulitsa ekizozi ilipo. Galimoto imeneyi inachoka ku fakitale ndi mahosipawa 200, imapitirira makilomita 230 pa ola, ndipo nthawi imeneyo zonse zinali zatsopano. Lero mabushi atha, ma ball joint akugogoda, mapaipi a buleki achita dzimbiri, inu ndi pamene mukuti mphamvu yachepa tiwonjezere. Muima nacho chani chinthu chimenechi? Ndi pemphero?

Za masipuling'i ndiye zimandiwawa kwambiri. Munthu kutenga grinder nkudula sipuling'i kuti galimoto itsike, uku wadula kwambiri uku pang'ono, galimoto ikuyenda chopendekeka ngati nkhanu. Amene anaipanga ku Germany anayeza zonsezo ndi makina, iwe wadula ndi maso utamwa kale ziwiri. Ndipo watsitsira misewu yake iti? Ya kwathu kuno ya mahampu ndi maenje, m'mbali mwa phula modyeka ngati chigumu chobenthula ana? Ukapita kukaona amayi ako ku Tsangano kapena ku Mayani galimoto umaisiya pa tarmac nkukwera kabaza, ndiye unagulira chani? Catalytic converter, ija imasefa utsi mu ekizozi, munachotsa nkugulitsa, mwaika paipi yongowongoka, utsi wonse tikupuma ife ndi ana athu. Thwelofu koloko usiku pa boma odwala akufuna tulo, makanda akudzidzimuka, inu phwa phwa phwa kuchokera ku bala.

Mwezi wathawu kwathu kunali maliro, masamba taika pamsewu monga mwa mwambo, anjinga akutsika, amalole akuchepetsa liwiro, azibambo kuvula zipewa. Awiri a inu munadutsa mukuthamangitsana, masamba aja mbwee kuuluka, nyimbo zili pamwamba. Amfumu anangogwira pakamwa. Tsiku lanu likadzafika mukufuna anthu adzadutse choncho?

Msewu uwu si bwalo la mpikisano. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Dedza ndi makilomita ngati 85 ndipo mumapikisana kuti wafika mphindi zingati ndani, dzanja limodzi pa chiwongolero lina likujambula sipidomita kuti muike pa status. Pa Linthipe pali anthu, pa Chimbiya pali anthu, pa Bembeke chifunga chikatsika suona ngakhale ng'ombe ili patsogolo pako, pa Masasa, pa Mlangeni, pa Biriwiri, paliponse ana asukulu, ngolo, mbuzi, amayi osenza nkhuni. Ena mpaka mumatsika Khwekhwerere kupita kunyanja Loweruka mutadzadzana asanu ndi kabokosi ka mowa, makona aja, mabuleki omwe aja a padi yotha. Akatentha nkusiya kugwira pakati pa phiri mudzaitana ndani? Za pa Kampepuza mu 2019, lole italowa mumsika, mwaiwala kale? Ife a ku Ntcheu sitinaiwale, tinaika maliro.

Ndipo inu makolo musakhale ngati simukuona. Mwana wafika ndi galimoto yolira ngati chigayo chakutha inu nthungululu, mwana wathu walemera. Munamufunsapo ngati ili ndi inshuwalansi? Laisensi ali nayo? COF anaipeza bwanji galimoto matayala ali waya panja? Nanunso amakaniko anzanga, manyazi akugwireni. Mwana wabwera akuti dulani masipuling'i, inu mukudziwa bwino lomwe mapeto ake koma chifukwa cha kandalama ka ndiwo mwayatsa grinder. Ine awiri ndawabweza chaka chino ndipo wachitatu akabwera ndimubwezanso.

Galimotoyi payokha ine sindidana nayo, ndinakonzapo ina ya bambo wina wachikulire, yosamalika, matayala anayi ofanana, sevisi pa nthawi yake, ndipo nditaiyesa ndinavomera kuti anthu aja anapanga chinthu. Koma imadya ndalama, sipeya zake zambiri mpaka uitanitse ku Joni nkudikira masabata. Ngati thumba silikukwana lamba, mabuleki, matayala ndi oyilo woyenera, iimikeni pakhomo kapena gulitsani mugule Vitz, palibe amene anafa ndi manyazi.

Tsono iwe wa ka Golf kofiira, ndikudziwa izi zikupeza. Mayi aja ndimapemphera nawo mpingo umodzi, mpaka lero akutsimphina, kudimba sakupita, ndipo sunapondeko pakhomo pawo ngakhale kungoti pepani. Wa kabaza uja njinga ndi ya bwana wake, akulipira yekha. Pita ukawaone anthu amenewa usanagule sampu ina, ndipo matayala amene aja ndisadzawaonenso pa M1.