Mlandu wa ku Mars adzaweruza ndani?

Abale, kabatani ka "ndavomera" aka kanditopetsa. Foni yatsopano, vomera. Pulogalamu yoonera mafilimu, vomera. Masamba ambirimbiri a tizilembo ting'onoting'ono, ndipo penapake m'katimo mwalonjeza kale kuti mukadzayambana ndi kampaniyo simudzapita kukhoti. Nkhani yanu idzakambidwa m'chipinda, pamaso pa mkhalapakati, popanda atolankhani. Chigamulo chake? Chinsinsi. Bola bwalo la amfumu pansi pa mtengo, poti ngakhale wodutsa pa njinga amaima n'kumvako.

Mukuti ndikukokomeza? Mu 2024, kampani ya mafilimu ya Disney inauza khoti ku Florida, ku America, kuti bambo wina, yemwe mkazi wake anamwalira atadya palesitilanti ya ku Disney Springs, malo a zisangalalo a kampaniyo, asazenge mlandu poyera chifukwa mu 2019 anavomera malamulo a Disney+, pulogalamu yawo yoonera mafilimu. Anthu atakuwa, kampaniyo inabwerera m'mbuyo.

Koma zoseketsa zenizeni zili m'malamulo a Starlink, intaneti yomwe inafika ku Malawi mu 2023. Muli ndime yonena kuti Mars ndi dziko laufulu, palibe boma la pansi pano lolamulira kumeneko, ndipo mikangano idzathetsedwa ndi mfundo zomwe adzapange okha akadzakhazikikako. Okha ndani? Woweruza adzakhala yemwe akukugulitsani mpweya wopuma? Mukaluza, apilo mukachitira kuti, ku Jupiter? Pangano la mayiko la 1967 limati boma lililonse lili ndi udindo pa zochita za makampani ake mumlengalenga, koma eti zimenezo n'zachikale.

Munthu sanapondeko phazi ku Mars, koma maloya anafika kalekale.