Mawu amathawira kuti?

Mwana yemweyo amene amakuwa pabwalo la mpira mpaka othyola tiyi ku esiteti kumumva, ukamuimika kutsogolo kuti ayeserere sewero, mawu amathera kukhosi. Kunong'ona basi. Ndikati "Kweza mawu, iwe!" iye amangoyang'ana zala zakumapazi.

Ndimaphunzitsa zisudzo pasekondale ina kuno ku Mulanje, ndipo tikukonzekera mpikisano wa masewero a Chingerezi wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi m'Malawi. Holo tilibe. Timakankhira madesiki kukhoma m'kalasi ya Fomu 3, denga lake malata okhaokha opanda siling'i. Mvula yakuno mukuidziwa: ikatsika m'phiri masana, imaomba malata moti ngakhale ineyo sindidzimva. Ndiye taganizani, wosewera ngati mfumu akuweruza mlandu wa munda, milomo ikugwedera, koma chimene akunena akudziwa ndi Mulungu yekha.

Chondiwawa kwambiri ndi misana. Ndinajambula mzere pansi ndi choko, ndinawauza kuti oonerera akhala uku. Akangoyamba kukangana m'seweromo, onse tembenu, kundilozetsa misana ya mayunifomu. Kodi oweruza akapereka malikisi kwa msana?

Koma ingonenani kuti pakufunika chidakwa. Manja onse m'mwamba! Apo ndiye mawu amapezeka, kudzandira kwake kochita kunyanya, n'kuwonjezeranso nthabwala zimene sindinalembe. Ziganizo zitatu zokha za Chingerezi zoti aloweze pamtima, ayi ndithu. "Aphunzitsi, pepala lija linanyowa." Linanyowa bwanji, pomwe jumbo yosungiramo ndinakugulira ndine?