Nkhondo ya chiwaya inathera ku Mbala, ife timaikumbukira pa wotchi ya ku Ulaya

Novembala akangolowa, timaluwa tofiira timayamba kuoneka pa majekete a nduna ndi a owerenga nkhani pa TV. Lamulungu lachiwiri la mweziwo akuluakulu amakaika nkhata za maluwa pa chipilala cha njerwa cha ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, ena ku Lilongwe, ena ku Mzuzu. Ikakwana 11 koloko lipenga limalira, anthu n'kukhala duu kwa mphindi ziwiri. Amakhala akukumbukira 11 Novembala 1918, tsiku limene mfuti za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe kuno inkatchedwa ya chiwaya, zinatonthola ku Ulaya.

Kunotu mfuti sizinatonthole tsiku limenelo. Mkulu wa asilikali a Jeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anali akadali m'tchire kumpoto kwa dziko lomwe lero ndi Zambia, osadziwa kuti kwawo zatha. Uthenga unamupeza pa 14 Novembala pa mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe tsopano ndi Mbala. Kuchokera ku Chitipa kupita ku Mbala si mtunda woti n'kudandaula nawo.

Anzathu a ku Zambia nawonso ali ndi mwambo wa Novembala wofanana ndi wathu. Amaika nkhata ku Lusaka, ndipo misasa yawo ya asilikali ili ndi mayina a kumene anyamata awo anakamenya nkhondo yachiwiri: Arakan ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe, Gondar ku Chipata, monga ife tilili ndi Moyale ku Mzuzu. Koma atiposa pa chimodzi, amasamala malo enieni pamene zinthu zinachitikira. Pa Chambeshi, m'mbali mwa msewu wa Mpika kupita ku Kasama, pali chipilala ndi mzinga wakale. Mu 2018, zitakwana zaka 100, mwambo waukulu anakauchitira ku Mbala konko, pafupi ndi kanyanja ka Chila komwe kunatayidwa mfuti za Ajeremani.

Ife malo otere tilibe? Tili nawo, mwina oposa. Pa 9 Seputembala 1914 ku Karonga kunamenyedwa nkhondo yeniyeni, anthu n'kufa, manda alipo. Mwezi umodzi izi zisanachitike, sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen inali itaombera kale sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa Nyanja ya Malawi, ndipo mfuti ya Gwendolen ili pa Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija. Anthu amaidutsa ndi mabasiketi a usipa osaicheukira. Pa 9 Seputembala timadzuka n'kupita kumsika ngati tsiku lina lililonse.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha amtengatenga. Asilikali a Keyala (King's African Rifles, gulu la asilikali la Angerezi) ochokera kuno pa nkhondo yoyamba anali pafupifupi 19,000, koma onyamula katundu anali cha m'ma 200,000. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo, ankachita kugwidwa m'midzi kudzera mwa mafumu, ndipo chimene chinkawapha kwambiri ndi njala ndi kamwazi, osati chipolopolo. Agogo anga aakazi ankasimba za bambo awo amene anabwerako ali ndi dazi pakati pa mutu, pamene bokosi linkakhala, ndipo tsitsi silinamerenso mpaka kumanda. Mendulo analibe, nambala analibe. Nkhondoyo ankangoitchula kuti ya chiwaya, dzina la mfuti yolira motsatizana ija, akatero n'kusintha nkhani. Pa mwambo wa Novembala munthu wotere amaimiridwa ndi ndani? John Chilembwe anaziona izi mu Novembala 1914, pamene analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti osauka akufera nkhondo ya eni ake, kusiya amasiye. Iye timamukumbukira pa 15 Januwale, asilikali mu Novembala, ngati kuti ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Kumudzi nkhondoyi inakumbukiridwa mwa njira yakeyake. Malipenga a ku Nkhata Bay, beni wa ku Mangochi, mganda wa m'chigawo chapakati womwe amavinanso kum'mawa kwa Zambia, onsewa ndi perete wa asilikali amene anasanduka gule: makabudula osita mpaka kuthwa, masokosi ofika m'mawondo, mizere yowongoka, wina kutsogolo ndi kandodo. Apa malire sagwira ntchito, ng'oma ndi yomweyo.

Mukawoloka pa Zobue kapena pa Dedza, kalendala ndi ina. Ku Mozambique masiku akuluakulu ndi a nkhondo zawozawo: 25 Seputembala, pamene Frelimo inayamba kumenyana ndi Apwitikizi mu 1964, 7 Seputembala, pangano la ku Lusaka la 1974, 4 Okutobala, mtendere umene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana ku Rome mu 1992 pothetsa nkhondo yapachiweniweni. Onsewa ndi masiku a tchuthi, ndipo kuli unduna woona za omenya nkhondo akale. Tsiku la 4 Okutobalalo ndi lathunso, tikadafuna. Anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondoyo anakhala nafe ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu, ku Dedza, tinkatunga nawo madzi pa mjigo umodzi. Asilikali athu anakalondera njanji ya Nacala kuyambira 1987, ena sanabwereko. Amene anabwerako alipo, akukalamba m'makomo mwathumu, ndipo akhoza kusimba okha ngati wina atawafunsa.

Wina anganene kuti mwambo sadya, apatseni ndalama. Ndikuvomera, koma Zimbabwe inatiphunzitsa kuti nazonso zimafuna mutu. Kumeneko ali ndi Heroes Acre ku Harare ndi tchuthi cha masiku awiri mu Ogasiti, ndipo mu 1997 omenyera ufulu atakwiya, boma la Robert Mugabe linapatsa aliyense Z$50,000 ndi penshoni ya Z$2,000 pa mwezi, ndalama zomwe m'bajeti munalibe. Pa 14 Novembala chaka chomwecho dola yawo inagwa chagada. Kwathu vuto ndi la mbali inayo: timagulitsa timaluwa sabata imodzi, madala a ku nyumba za asilikali opuma ku Zomba amalandira bulangete ndi thumba la ufa pamaso pa makamera, kenako zii mpaka chaka chamawa.

Chaka chatha ndinagula kaduwa kanga, ndinakavala masiku atatu, lachinayi kanathothokera mu minibasi. Chaka chino ndikufuna kudzakavala pa 25 Novembala.