Mwana akafunsa m'tchalitchi, osamutsina

Lamulungu lina la Mgonero ndinachita chinthu chimene chikundivutabe mumtima. Akulu a mpingo akuyendetsa mbale ya mkate, mwana wanga wa zaka 7 anandikoka malaya n'kunong'oneza, kunong'oneza kwa ana kuja komveka mabenchi atatu: "Adadi, kabuledi kakang'ono chonchi mukhuta nako? Bwanji osangokadya kunyumba?" Amayi ena kutsogolo kwathu anacheuka. Ine ndi manyazi ndinamutsina pantchafu. "Khala chete iwe, muno ndi m'tchalitchi." Anakhaladi chete. Kufika kunyumba, nsima, mpira pa wailesi, tulo. Funso lija linafera pabenchi pomwepo.

Chimene chinandidzutsa ndi Yoswa 4. Nkhaniyi ndinkaidziwa kuyambira ku Sande sukulu, koma ndinali ndisanaone cholinga cha miyala yotchulidwa m'mutuwo. Aisraeli awoloka Yordano nthawi yokolola, mtsinje utasefukira mbali zonse. Ansembe onyamula likasa, bokosi la chipangano cha Mulungu, atangoponda m'madzi, madzi ochokera kumtunda aima kutali, ku mzinda wa Adamu, anthu n'kuwoloka pouma. Mukanakhala inu mukanathamangira ku Yeriko nthawi yomweyo, mitima ya adani isanakhazikike. Koma ayi. Amuna 12, mmodzi pa fuko lililonse, akuuzidwa kuti atole miyala pakati pa mtsinje, asenze paphewa, akaiunjike ku Giligala. Chifukwa chake chalembedwa kawiri m'mutu umodzi womwewo, vesi 6 ndi vesi 21: kuti ana akadzafunsa kuti miyalayi ndi yachiyani, makolo adzawauze.

Miyalayo inali nyambo yokodwera funso la mwana. Ndipo si apa pokha. Pa Paskha, Eksodo 12:26 akuyembekezeratu kuti ana adzafunsa tanthauzo la mwambowo. Deuteronomo 6:20 chimodzimodzi. Mulungu anakonza miyambo yodabwitsa dala, nyama yootcha, mkate wopanda chotupitsa, ndiwo zowawa, kuti mwana adabwe n'kutsegula pakamwa. Wanga anatsegula pakamwa pa nthawi yake yeniyeni, ine n'kumutsina.

Maganizo anga ndi akuti ambirife timakumbukira ntchito zazikulu za Mulungu ngati mawu okometsera pemphero basi. "Inu amene munagawa Nyanja Yofiira, inu amene munagwetsa malinga a Yeriko," kenako tilumphire pa zofuna zathu. Sindikunyoza, nanenso ndimapemphera choncho. Koma kukumbukira kwa m'Baibulo ndi ntchito ya pakhomo, ya munthu wamkulu kukhala pansi n'kufotokozera wamng'ono mwatsatanetsatane. Ntchitoyi ikadumphidwa kamodzi kokha, zatha. Oweruza 2:10 akuti Yoswa ndi anzake atamwalira panauka m'badwo wosadziwa Yehova ngakhale ntchito zimene anachitira Israeli. Kale ndinkawaona ana amenewa ngati osamva. Pano ndimadzifunsa kuti makolo awo, amene anadya mana ndi manja awo, ankakamba chiyani madzulo pamoto. Mwina anali otanganidwa ndi minda yatsopano ndi nyumba zimene sanamange okha. Mose anali atawachenjezeratu pa Deuteronomo 8 kuti kuiwala kudzabwera akadzadya n'kukhuta, ng'ombe ndi siliva zitachuluka. Munthu wanjala saiwala kupemphera.

Pali ngozi ina imene imandiopsa kuposa kuiwala: kusunga chikumbutso nkhani yake itatayika. Njoka yamkuwa imene Mose anapachika m'chipululu inasungidwa zaka mazana angapo. Pofika nthawi ya mfumu Hezekiya anthu anali akuifukizira lubani, ikutchedwa Nehusitani, mpaka mfumuyo inaiphwanya, 2 Mafumu 18:4. Chinthu chimene Mulungu mwini analamula kuti chipangidwe chinasanduka chithumwa.

Taonani dzina la Ebenezeri. Lili paliponse kwathu kuno, pa minibasi, pa magolosale, pa saluni. Tonse timadziwa kuti ndi mwala umene Samueli anaimika Afilisti atagonja, n'kunena kuti Yehova watithandiza kufikira pano, 1 Samueli 7:12. Koma bwererani mitu itatu m'mbuyo. Pa mutu 4 Aisraeli amanga misasa pamalo otchedwa Ebenezeri, ndipo agonja, anthu pafupifupi 4,000 afa. Akuluakulu akuti tiyeni tikatenge likasa ku Silo litipulumutse. Likasa lomwe lija linaimitsa Yordano. Alibweretsa ndi mfuu mpaka nthaka kugwedezeka, ngakhale Afilisti achita mantha pokumbukira miliri ya ku Igupto. Zotsatira zake? Asilikali 30,000 afa, ana awiri a wansembe Eli afa, likasa lalandidwa. Anakumbukira kuti bokosi lija linachitapo zodabwitsa, koma mwini wake sanamufunse kanthu. Mwala wa Samueli unadzaimikidwa patapita zaka 20, anthu atataya milungu yachilendo, kusala kudya ndi kuvomera ku Mizipa kuti tachimwa. Amene amalemba dzinali pagalasi la minibasi sindiwatsutsa, koma nkhani yake ndi yowawa kuposa mmene utoto wake umaonekera.

N'chifukwa chake ndimakonda Salimo 106. Salimo 105 limayimba zimene Mulungu anachita, kuyambira Abrahamu, Yosefe, mpaka kutuluka mu Igupto. La 106 limabwereza ulendo wa m'chipululu koma likuwerenga zamanyazi: anaimba nyimbo panyanja, posakhalitsa n'kuiwala, anapanga mwana wang'ombe ku Horebu, ananyoza dziko lokoma. Ndi mtundu uti umene umaika zonyansa za makolo ake m'buku la nyimbo? Ife pa maliro timati malemu anali munthu wabwino ngakhale mudzi wonse ukudziwa. Aisraeli ankaimba kuti tachimwa pamodzi ndi makolo athu, ndipo pamenepo m'pamene kukhulupirika kwa Mulungu kumaoneka bwino, chifukwa palibe anganene kuti anapulumuka poti anali wabwino. Maumboni athu ambiri m'tchalitchi ndi a Salimo 105 okhaokha. Mbali ya kung'ung'udza kwathu timaidula.

Mwana uja ndinamuitana Loweruka lina ndikukonza njinga. Ndinamupepesa, zimene zinamudabwitsa kuposa kutsina kuja. Ndinamufotokozera za usiku wa Paskha, magazi pamphuthu za nyumba, ndi za Yesu amene pa chakudya cha Paskha ananyema mkate n'kuuza ophunzira ake kuti azichita zimenezi pomukumbukira. Tinafika mpaka pa mtsuko wa mana umene Aroni anauzidwa kusunga kuti mibadwo idzaone chakudya cha m'chipululu. Apo anandidula. "Nanga ifeyo tasunga chiyani?"

Ndinakumbukira kambale kachitsulo ka mayi anga. M'njala ya 2002, mwezi wa February, ndi kamene ankayezera madeya, kambale kamodzi anthu 6, kamodzi patsiku, ndipo mlongo wanga wamng'ono ankalira kuti phala lake likukanda pakhosi. Ndikukumbukiranso kuti ndinakana kupemphera usiku wina, ndinati palibe chothokozera. M'nyumba mwathu simunafe munthu. Mwana wangayo zonsezi anali asanazimvepo, chifukwa ndani amakonda kuuza ana ake kuti anadyapo zakudya za nkhumba?

Kambaleko tinakapeza m'khola, nkhuku zikumweramo madzi. Anakatsuka yekha ndi mchenga, ndipo pano kali pamwamba pa kabati. Dzulo mnzake wa nyumba yoyandikana anafunsa kuti mbale yopindikayo ikutani pamenepo, ndipo ndinamumva akuyamba: "Iwe sudziwa, adadi anga ali ang'ono..."